Mandasi a Amayi pa Tsamba Loyamba

Ndinachoka kwathu ndili Sitandade 4, chaka chimene mango anabereka kawiri, kapena mwina ndine ndimawakumbukira kawiri. Dzina la mudziwo musandifunse. Unali mudzi wa sukulu imodzi, mjigo umodzi, ndi mayi mmodzi amene ndinamusungira mawu m'kamwa zaka zonsezi, aNasimango.

Amayi anga ankagulitsa mandasi pageti pa sukulu. Sanali mandasi wamba ayi. Ankaphika mbatata ija yofiira m'kati, n'kuikanya, n'kuisakaniza ndi fulawa, ndipo mandasi ake ankatuluka achikasu, ofewa mpaka mawa lake. Anaziganizira okha chaka chimene fulawa anasowa m'magolosale. ANasimango ankagulitsa pambali pa amayi, ndipo beseni lawo linkabwerera kunyumba lolemera monga linabwerera. Ndiye tsiku lina kumjigo anangotsitsa mawu, chitenje chawo chobiriwira chili m'chiuno.

"Inu simudabwa kuti mandasi amenewa akuoneka chonchi bwanji? Paja mayiyu amasambitsa nawo maliro. Madzi aja amakataya kuti?"

Basi, sanaonjezere. Ine miseche ndimaikonda, sindibisa, ndipo ntchito yabwino ndikaiona ndimaidziwa. Pofika Lachisanu ana ankalambalala beseni lathu atagwira pamphuno. Mwezi usanathe, munthu sankatimwetsa madzi m'kapu yake. Amayi anamanga katundu n'kupita ku esiteti ya tiyi kukathyola masamba, ine anandisiya kwa azakhali, ndipo sukulu inathera pomwepo. Patapita nthawi tinamva kuti aNasimango ayamba kuphika mandasi achikasu, ndipo ana akuima pamzere.

Kwa azakhali sindinakhalitse, ankati ndimalongolola kuposa wailesi ndipo ine ndilibe pozimitsira. Ndinayenda. Tauni yoyamba inali ya msewu umodzi, mashopu onse atayang'ana mbali imodzi ngati akudikira basi. Ndinaima pakhomo pa saluni. Mwini wake anayamba wandiyang'ana kumapazi.

"Iwe umadziwa chiyani?"

"Ndimadziwa za anthu."

"Za anthu sitiluka pano. Gwira meshi iyi."

Ndinagwira meshi nyengo ziwiri za mvula, mwina zitatu. M'saluni ndinaphunzira kuti munthu ukamugwira mutu n'kumuweramitsa amayankhula zonse, chifukwa sakukuona. Ndinaphunziranso kuti nkhani ukaiyamba ndi pokoma pake, womverayo amatembenuka msanga ndipo mzere wa tsitsi umakhota. Pokomapo umasunga mpaka utamanga ulusi womaliza. Anandichotsa tsiku limene ndinafotokozera mayi wina za bambo wa njinga yamoto yofiira amene ankaima kuseri kwa butchala Lachitatu lililonse. Ine ndikanadziwa bwanji kuti njingayo inagulidwa ndi mayiyo? Ndikutuluka ndinaona chitenje chobiriwira chikukhota pakona. Ndinachithamangira, koma anali munthu wina, wonyamula nkhuku.

Tauni yachiwiri inali ya msewu umodzinso, koma mashopu ake anayang'ana mbali inayo. Ndinaima pakhomo pa chigayo. Mwini wake anandiyang'ana m'mikono.

"Iwe umadziwa chiyani?"

"Ndimadziwa za anthu."

"Chiyani?"

"Za anthu!"

"Tenga tsache."

M'chigayo tonse tinali oyera, nsidze, tsitsi, m'makutu, moti wakuba ndi mkulu wa mpingo sunkawasiyanitsa. Injini inkameza mawu. Nkhani inkayenera kukwana pa kanthawi kaja kamene amazimitsa kuti asinthe sefa. Ndinaphunzira kudula. Nkhani imene kusaluni ndinkaikoka mutu wonse, kuno ndinkaitha m'mawu khumi, azimayi n'kutsala kukamwa yasa, ufa ukuwagwera pa lilime. Ndinachoka chifuwa chitayamba kulira ngati injiniyo. Pageti panadutsa chitenje chobiriwira. Sindinathamange, ndinangochiyang'ana mpaka chinalowa m'fumbi.

Tauni yachitatu inali ndi misewu iwiri yopingasana, ndipo pamphambanopo panali kashopu kotchajira mafoni. Mwini wake sanandiyang'ane n'komwe.

"Umadziwa chiyani?"

"Za anthu."

"Mafoni a anthu usagwire. Uzingolowetsa ndi kutulutsa."

Mafoni makumi atatu atagona pathebulo, aliyense akuyaka yekha uthenga ukabwera. Inu mukanatani? Kuwerenga kwenikweni ndinaphunzirira pamenepo, osati ku Sitandade 4. Uthenga umaoneka kanthawi kochepa kenako foni imazima, ndiye maso anaphunzira kuthamanga. Ndinadziwa amene akufuna kuthawa ukwati, amene wapatsidwa mimba, amene akunama kuti ali kumaliro. Anandichotsa nditayamba kuseka ndekha eni mafoni akamabwera. Mwini shopu anandiponyera kafoni kosweka galasi kamene munthu wina sanabwerenso kudzatenga, akuti ndiziwerenga zanga.

Tauni yachinayi inali paphiri, ndipo nkhungu inkachoka mochedwa. Kumapeto kwa msika kunali laibulale ya chipinda chimodzi, sola padenga, makompyuta atatu, imodzi yakufa. Ndinaima pakhomo. Mayi wachitsikana wamagalasi, amene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi aMervis oyang'anira malowo, anandiyang'ana kumaso.

"Umadziwa chiyani, mng'ono wanga?"

"Ndimadziwa za anthu."

"Unaziona, kapena unangomva?"

Palibe anali atandifunsapo zimenezo.

M'chipindamo ankalemba buku lalikulu la pa intaneti, la m'Chichewa, lofotokoza chilichonse: mitsinje, matenda, mbalame, anthu odziwika. Olemba anali ambiri, omwazikana m'dziko lonse, ena sitinawaonepo nkhope. Koma tsamba loyamba, limene munthu aliyense amayamba kuona akatsegula, linkakonzedwa m'chipinda chathucho. Patsambapo panali kabokosi ka mutu wakuti "Kodi mukudziwa?" M'kabokosimo munkalowa mfundo zisanu zodabwitsa, ndipo zinkasintha zokha 12 koloko masana, tsiku lililonse. Mfundo imakhala tsiku limodzi basi, kenako imachoka.

Poyamba ndinkasesa ndi kupukuta sola. Amene ankafufuza mfundozo anali a Gwaza, bambo wamtali amene kale ankayeza mvula ku ofesi ya zanyengo, ndipo ankakhulupirira zinthu zokhazo zimene zili ndi deti. Tsiku lina ankawerenga mokweza.

"Kodi mukudziwa kuti dera lakumpoto limalandira mvula yambiri m'mwezi wa..."

"Bambo, imeneyo ndi yogonetsa," ndinatero ndili ndi tsache.

"Ndi yoona."

"Ndi yoona, koma munthu sangatule ndowa kuti aimve."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndiye sankha iwe, mwini ndowa."

Ndinasankha ya nyamalikiti, yakuti khosi lonse lija lili ndi mafupa asanu ndi awiri okha, chimodzimodzi la munthu. Ndinaidula, pokoma ndinaika kumapeto, n'kupita nayo kumsika. Mayi wogulitsa tomato anadzigwira pakhosi n'kuyamba kuwerenga. Kuyambira tsiku limenelo tsache ndinalisiya.

Malamulo anali ochepa koma ouma. Mfundo idabwitse. Ikhale ndi umboni wolembedwa, buku kapena nyuzipepala kapena chikalata, osati zakuti agogo ankanena. Wolemba asadzivomereze yekha, wina aione n'kusaina. Ndipo nkhani ya m'bale wako, ya mdani wako kapena ya mpingo wako usaigwire, upatse wina. AMervis anandiuza lomalizali kawiri, akundiloza ndi cholembera.

Ntchito imene ndinaikonda koposa inali yondandalika mzere, kusankha kuti mfundo iti ituluka tsiku liti. Zili ngati kukhazika anthu paukwati, umayenera kudziwa amene sangakhale pafupi. Nyama ziwiri tsiku limodzi ayi. Za matenda otsegula m'mimba pambali pa za chakudya ayi. Ya mvuu, yakuti khungu lake limatulutsa madzi ofiira ngati magazi, ndinaisuntha kanayi chifukwa nthawi zonse inkagwera pafupi ndi chithunzi cha munthu wolemekezeka, makamaka bishopu. A Gwaza ankati ndimakhazika mfundo ngati ndikudziwa amene anakanganapo. Nkhungu itabwera ndi kuchoka kangapo, aMervis anandipatsa pasiwedi yotsekera mzere. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo aka kanali koyamba kuti malo andisunge chifukwa cha pakamwa panga.

Ndiye tsiku lina m'mawa ndikutsegula kompyuta ndinaipeza, pakati pa ya njuchi ndi ya mlatho.

"Kodi mukudziwa kuti aNasimango ndiwo anayambitsa mandasi a mbatata yofiira amene tsopano akuphikidwa m'maboma ambiri?"

Woitumiza anali Sigele, mwana wawo, amene tinkakhala desiki limodzi ndipo ankakopera masamu anga. Tsopano anali ku koleji. Umboni unalipo: nyuzipepala inalemba pamene amayi ake analandira mphoto pa chionetsero cha zaulimi, chithunzi chilipo, dzino lagolide likuwala. Pansi Sigele analemba pempho. Ankafuna mfundoyo ituluke Loweruka lomaliza la mweziwo, tsiku lotsegulira bekale ya amayi ake, kuti akawerengere alendo.

Ndinapita kwa a Gwaza.

"Bambo, iyi ndi yabodza."

"Pepala likuti chiyani?"

"Pepala likunama."

"Ukudziwa bwanji?"

Pamenepo ndikanati ndi amayi anga, akanandilanda nkhaniyo nthawi yomweyo. Ndinangoti, "Ndinamva."

"Ife sitilemba zimene tinamva, mwana iwe. Sitilembanso zimene tikudziwa. Timalemba zimene zinalembedwa. Pepala limagwetsedwa ndi pepala linzake lokulirapo msinkhu. Ukalipeza ubwere nalo."

Ndinakumbukira kuti kale, ndisanachoke kwathu, kunabwera mlangizi wamkazi pa njinga, ali ndi kamera, ndipo anajambula amayi akukanya mbatata. Amayi anavala mpango wa kutchalitchi tsiku limenelo. Ndinapempha masiku kwa aMervis, ndinati azakhali adwala.

Ndinayendanso. Maofesi a zaulimi onse ndi amodzi: khonde lalitali, njinga yopanda tayala, kabati yachitsulo imene kiyi wake ali ndi munthu amene wapita kumsonkhano. Pa ofesi yoyamba anandifunsa kuti ndikufuna chiyani, ndinati pepala lakale la mandasi, anaseka mpaka wina anatuluka panja. Pa yachiwiri anatsegula kabati, munali chiswe chokhachokha, mapepala atasanduka dothi. Pa yachitatu mlonda anati mapepala akale anawapereka kwa mayi wogulitsa mbewu kuseri, amakulungira nthangala za mpiru. Ndinakhala pansi ndi mayiyo masana onse, ndikumukulungira mbewu, ndikumuuza za bambo wa njinga yamoto yofiira, ndikutembenuza pepala lililonse ndisanapinde. Dzuwa litapendeka ndinaona mpango.

Kanali kakalata ka alangizi ka masamba anayi. Chithunzi chinali chitafufuma, koma manja anali a amayi, ndi chala chawo chopindika. Pansi pake analemba kuti mayi Edina Nachanza apeza njira yawoyawo yophikira mandasi ndi mbatata yofiira. Deti inalipo, chidindo chinalipo. Pepalali linali lalikulu msinkhu kuposa nyuzipepala ya aNasimango ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Tsopano njira yoyenera ndinkaidziwa. Ndikanapereka kakalatako kwa a Gwaza, iwo akanafufuta mfundo ya Sigele, akanamulembera uthenga waulemu, Sigele akanauza amayi ake kuchipinda, ndipo pa bekale akanangoimba nyimbo ina m'malo mwake. Palibe akanadziwa. Ife anatichotsa pamudzi anthu akuonerera m'makonde, ndiye aNasimango agwe chamseri, pamkeka wofewa? Ndinaganiza zimenezi ulendo wonse, kakalata kali m'kati mwa bulauzi.

Nditafika ndinamuyankha Sigele ngati woyang'anira mzere, popanda dzina. Ndinalemba kuti pempho lanu latheka, Loweruka lomaliza, 12 koloko yeniyeni, muuze alendo onse. Anayankha ndi timitima titatu.

Kenako ndinalemba nkhani ya amayi, ndi mfundo yake. Ndinadikira sabata imene a Gwaza anapita kumudzi kukakolola, chifukwa iwo akanaona kuti mfundo ziwirizi zikulimbana. Ndinapita nayo, pamodzi ndi kakalata kaja, kwa aMervis, amene anali atatanganidwa ndi batire la sola.

"Sisi, tandionereni iyi."

Anaiona bwinobwino, sindinganame. Anayang'ana deti, anakweza chidindo kudzuwa, anawerenga kawiri.

"Yabwino iyi. Mayi wa pageti pa sukulu. Unaipeza kuti?"

"Kwa wogulitsa mbewu."

"Ukuwadziwa mayiwa?"

"Ndinangomva za iwo."

Anasaina. Lachisanu madzulo, tisanatseke, ndinachotsa ya aNasimango pa Loweruka, n'kuika ya amayi pamwamba penipeni, n'kutseka mzere ndi pasiwedi. Ndinapukuta sola ngakhale sinalinso ntchito yanga.

Loweruka ndinatsika minibasi pa tauni yaing'ono ya kufupi ndi kwathu. Inali itachepa, kapena ndine ndinakula. Panali tenti, mipando ya pulasitiki, sipika iwiri, riboni pakhomo pa bekale, ndi mabeseni a mandasi achikasu atavindikiridwa ndi nsalu zoyera. Theka la mudzi wathu linali pomwepo, azimayi a kumjigo aja atakalamba pang'ono. ANasimango anakhala kutsogolo pampando wa ofesi, atavala suti ya buluu. Chitenje chobiriwira panalibe. Ndinaima kumbuyo pafupi ndi njinga za kabaza, ndipo palibe anandizindikira.

Itatsala pang'ono 12, Sigele anatenga maikolofoni.

"Amayi ndi abambo, amene muli ndi mafoni tsegulani. Lero dziko lonse liwerenga za mayi athu. Ngakhale a kunja awerenga."

Anthu anatsegula, ena atatu pafoni imodzi. M'busa anayang'ana wotchi. Sigele anakanikiza foni yake kawiri, anamwetulira, n'kuyamba ndi mawu a pa wailesi.

"Kodi mukudziwa kuti mandasi a mbatata yofiira, amene tsopano akuphikidwa m'maboma ambiri, anayambira m'beseni la pageti pa sukulu ya pulayimale, m'manja mwa mayi Edina Nachanza?"

Dzinalo ndinaliika kumapeto. Munthu akamawerenga mokondwa pakamwa pamatsogola, ndipo Sigele anamaliza lonse asanamve chimene wanena. Sipika inabwereza "Nachanza" kukhoma la bekale. Mayi wina amene anali atayamba kale nthungululu anaidula pakati.

"Pepani, pali kulakwika," anatero Sigele. Koma anthu anali ataweramira mafoni awo, ndipo chithunzi chinali chitatseguka, mpango ndi manja aja.

"Ndi Nachanza uyu," anatero mayi wina wokalamba mokweza, ngati ali yekha. "Chala chakecho. Uja tinamuthamangitsa uja."

ANasimango sanadzuke. Anagwira chikwama chawo ndi manja onse awiri n'kuyang'ana riboni. Woimba kiyibodi anayamba nyimbo, anaona kuti palibe akumutsatira, anasiya. Ine ndinapita kutsogolo, ndinavundukula beseni limodzi, ndinatenga mandasi amodzi n'kuluma. Pamenepo ndi pamene aNasimango anandiyang'ana, ndipo ndinaona nkhope yanga ikuwafika pang'onopang'ono.

"Mbatata yachepa, mayi," ndinatero. "Amayi ankaika yambiri."

Foni yanga inalira ndili pa siteji ya minibasi. Anali aMervis. Sigele anali atawaimbira kale, akulira.

"Ndi amayi ako."

"Eya, sisi."

"Ndinakufunsa."

"Munandifunsa."

"Ndawaimbira a Gwaza kumunda, ndawawerengera madeti onse awiri. Akuti mfundoyo ndi yoona, ikhala mpaka mawa 12 koloko ngati ina iliyonse. Koma unandisainitsa ndi bodza, ndipo mwana wa eni ake unamulonjeza tsiku ukudziwa chimene ukuchita. Pasiwedi ndasintha. Lolemba usabwere."

"Ya mvuu musaiike pafupi ndi ya bishopu," ndinatero. Anadula.

Ndinalira pang'ono, ndisakunamizeni. Malo amene aja ndinkawakonda, ngakhale kompyuta yakufa ija. Koma nthawi inali yochepa, chifukwa amayi anali kutali ndipo tsambalo silidikira munthu.

Lamlungu m'mawa ndinali pamwamba pa lole ya nkhuni, tikukwera m'minda ya tiyi yobiriwira mbali zonse. Amayi ndinawapeza akuchapa kuseri kwa nyumba za antchito. Anali ataonda, manja atada ndi masamba. Netiweki kumeneko imagwira pa shedi yoyezera tiyi pokha, ndiye ndinawakoka dzanja thovu lisanaume. Tinafika 11 koloko itadutsa kale.

Anagwira foni patali ndi maso. Amayi amawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anafika pa dzina lawo, anaima, anabwerera poyamba. Chithunzi anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mpango umenewu unapsa," anatero.

Ndinawauza zonse mwachidule, monga m'chigayo: tenti, sipika, Sigele, ntchito yanga yatha. Amayi ndi munthu amene moyo wanga wonse ankanditsina ndikayamba za anthu. Ndinadikira kutsinidwa.

"ANasimango analipo?"

"Analipo, kutsogolo."

"Anamva?"

"Pa sipika ziwiri."

Anandibwezera foni. Anayang'ana uku ndi uku, anatembenuza dengu lothyolera tiyi n'kukhalapo, anakonza chitenje pamaondo.

"Wathamanga kwambiri," anatero. "Khala pansi. Uyambire pamene unatsika minibasi. Anavala chiyani?"